Mng'alu Wobwererabwerera pa Chasisi ya Lole Yodulidwa kapena Yotalikitsidwa

Aliyense amene anadulapo, kulumikiza kapena kuboola chasisi ya lole yaikulu m'galaja ya pakhomo amalidziwa vuto ili. Lole imatuluka ikuoneka bwino, msoko wowotcherera uli wosalala ndipo penti ikuwala, koma pakapita miyezi ingapo ikunyamula katundu, mwini wake amabwera nayo n'kuloza kamzere kofiirira ka dzimbiri kamene katsetsereka kuchokera pamlomo wa chitsulo. Mmisiri amapala malowo, n'kuwotchereranso, n'kuikapo chigamba chochindikala kuposa choyamba, ndipo mng'alu umabweranso, koma ulendo uno umatulukira pamene chigambacho chathera. Kubwerera kotereku sikungochitika mwatsoka, ndipo nthawi zambiri sikutanthauza kuti wowotchererayo sadziwa ntchito yake. Chimene chimachitika n'chakuti wokonzayo watseka mng'alu asanafufuze chimene chinaubala, choncho mphamvu imene inang'amba chitsulo poyamba paja imangosamukira pamalo ena apafupi.

Chasisi ya malole ambiri akuluakulu imafanana ndi makwerero ogonekedwa pansi, chifukwa ili ndi mitanda iwiri yaitali yochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, yolumikizidwa ndi zitsulo zopingasa. Mtanda uliwonse mukauyang'ana kumapeto umaoneka ngati chilembo cha C, ndiye kuti uli ndi khoma loimirira ndiponso milomo iwiri, wapamwamba ndi wapansi. Katundu akakhala pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo, mtanda umapindikira pansi, motero mlomo wapamwamba umafinyika pamene wapansi ukukokeka. Pamwamba pa ekiselo yakumbuyo ndi kuseri kwake zinthu zimatembenuka, pakuti mbali yolendewerayo imalemerera pansi ndipo mlomo wapamwamba ndi umene umakokeka. Pakatikati pa khoma ndi pamene mphamvu yopinda imachepa kwambiri. N'chifukwa chake opanga malole amaika mabowo awo ambiri pakhoma, ndipo ambiri a iwo amamata chenjezo pa chasisi loletsa kuboola kapena kuwotcherera milomo.

Mfundo ina imene amisiri ambiri amaiphonya ndi yakuti chasisi sinapangidwe kuti ikhale youma gwa. Tayala limodzi likalowa m'dzenje, chasisi yonse imapotoka pang'ono n'kubwerera m'malo mwake, ndipo imachita zimenezi kambirimbiri pa ulendo umodzi wokha. Chitsulo chimapirira malinga ngati kupindikako kwagawanika mofanana m'litali mwake monse. Koma pamalo pamene gawo lofewa likukumana mwadzidzidzi ndi gawo louma, kapena pamene pali kachilema konga mnkhwasu, bowo lokhakhala kapena msoko wodya m'mbali, mphamvu yonse imaunjikana pamenepo. Chitsulo chimatopa monga momwe waya amatopera mukamamupinda uku ndi uku mpaka kuduka, ndipo mng'alu umayamba uli waung'ono kwambiri moti maso sangauone.

Werengani mng'alu musanayatse makina

Chinthu choyamba si kuwotcherera ayi, koma kutsuka. Chotsani matope, girisi ndi penti pamalo aakulu ndithu kuzungulira mng'alu, kunja ndi mkati mwa mtanda, ndipo musaiwale kuchita chimodzimodzi pa mtanda winawo pamalo olingana, chifukwa mitanda iwiriyi imasenza katundu mofanana ndipo kawirikawiri wina ukang'aluka, mnzake amakhala ali m'njira. Mankhwala opopera ofiira oonetsa ming'alu ndi abwino ngati muli nawo, koma njira yakale ya palafini ndi choko imagwirabe ntchito. Pakani palafini pachitsulo, dikirani mphindi zingapo kuti alowerere, pukutani mpaka pamwamba pauma, kenaka pakani choko wopera wosungunula m'sipiriti kapena m'madzi pang'ono. Choko akauma n'kuyera, palafini wobisala m'mng'alu amatuluka pang'onopang'ono n'kulemba kamzere kakuda pachoyerapo, ndipo mudzadabwa kuona kuti mng'alu umene mumauyesa wa masentimita atatu ukupitirira mpaka kukafika pabowo la bawuti. Apa m'pamene mawu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha amagwira ntchito, pakuti nsonga yeniyeni ya mng'alu imachedwa kuonekera. Mukaupeza wonse, funsani kumene unayambira, chifukwa malo amenewo ndiwo amene amaulula gwero la vuto.

Ngati mng'alu wayambira pabowo, yang'anani pamene bowolo lili ndi momwe linabooledwera. Bowo la pamlomo ndi cholakwa chachikulu kuposa zonse, ndipo limapezeka kawirikawiri pamene wina anafuna malo achangu omangirapo thanki, bokosi la zida kapena bodi. Bowo la pakhoma nalonso limabala mng'alu likayandikira kwambiri pokhota pa mlomo kapena likayandikana ndi linzake. Opanga malole amasiyana pang'ono pa miyeso, koma ambiri amafuna kuti pakhale mpata wa mamilimita 40 kapena 50 kuchokera kumlomo ndiponso pakati pa bowo ndi bowo, ndipo salola mabowo ambiri kundandalikana pamzere umodzi woimirira, poti mzere wotero umakhala ngati pong'ambira pepala. Bowo loboola ndi tochi ya gasi ndi loipa ngakhale litakhala pamalo oyenera, chifukwa m'mphepete mwake mumakhala mokhakhala ndiponso mowotcheka, ndipo kamkhwasu kalikonse ndi poyambira mng'alu. Boolani ndi dirilo, makamaka ya maginito imene imaima chilili pachitsulo, ndipo mukamaliza salazani m'mphepete mwa bowolo. Pamene pali mabowo akale a ku fakitale amene angagwire ntchito, gwiritsani ntchito amenewo m'malo moboola atsopano.

Mng'alu ukayenda m'mphepete mwa msoko, osati pakati pake, vuto limakhala la kutentha ndi mtundu wa chitsulo, ndipo apa mpofunika kukhalitsapo. Chitsulo wamba chimene chimagulitsidwa kuti anthu apangire mageti ndi madenga chimayamba kupindika kosabwerera pa mphamvu ya pafupifupi 250 MPa (MPa ndi muyeso wa mphamvu yokoka kapena yofinya chitsulo). Mitanda ya malole ambiri a ku Ulaya imapangidwa ndi chitsulo cha pakati pa 500 ndi 700 MPa, pamene malole aakulu ambiri a ku North America amakhala ndi mitanda yolimbitsidwa ndi moto ku fakitale, ya 110,000 kapena 120,000 psi pa muyeso wa kumeneko, zomwe ndi pafupifupi 760 ndi 830 MPa. Zitsulo zonsezi zikapakidwa penti zimaoneka chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake mmisiri amene watalikitsa chasisi ndi chidutswa cha chitsulo wamba amakhala waika pakati pa msana wa lole gawo limene mphamvu yake ingakhale theka chabe kapena kucheperapo. Komanso moto wowotcherera umasintha chitsulo chimene chili m'mbali mwa msoko. Pa mtanda wolimbitsidwa ndi moto, kachigawo kameneka kamataya kulimba kumene kanapatsidwa ku fakitale, ndipo palibe njira yokubwezeretsera m'galaja ya pakhomo. Motero musanakhudze chasisi iliyonse, pezani buku limene wopanga loleyo analembera omanga mabodi, chifukwa ndi mmene mumalembedwa mtundu wa chitsulo, malo ololedwa kudula, ndiponso ngati kuwotcherera n'kololedwa n'komwe. Ngati buku likuletsa, kulumikiza kuyenera kudalira mabawuti ndi chitsulo cholimbitsira, osati moto.

Pamene kuwotcherera kwaloledwa, marodi owotcherera amene mwasankha ali ndi gawo lalikulu. Marodi a E6013, amene amapezeka m'galaja iliyonse chifukwa sachedwa kuyaka ndipo amasiya msoko wokongola, sayenera ntchito ya chasisi. Ofunika ndi a mtundu wa E7018, kapena olimba kuposa apo ngati wopanga watero, chifukwa anapangidwa kuti asalowetse mpweya wambiri wa hayidirojeni m'chitsulo. Koma ubwino umenewu umatha marodiwo akayamwa chinyezi, choncho paketi ikatsegulidwa ayenera kusungidwa m'uvuni wake pa madigiri a Celsius pafupifupi 120. Msoko wowotcherera ndi marodi achinyezi ukhoza kuoneka wabwino madzulo n'kupezeka wang'aluka m'mawa mwake lole isanayende n'komwe. Kuthira madzi pamsoko kuti uzizire msanga kumauumitsa mpaka kukhala wosachedwa kuthyoka, ndipo ndi chizolowezi chimene ndimachitsutsa kulikonse kumene ndachiona. Yendetsaninso chikhadabo m'mphepete mwa msoko: ngati chikukodwa m'kangalande kamene moto unadya m'chitsulo, mwapeza poyambira mng'alu.

Koma mtundu wa mng'alu umene umabwerera kwambiri, umenenso unandiphunzitsa zambiri, ndi wa kumapeto kwa chigamba. Zaka zapitazo ndinatalikitsa chasisi ya lole ina yonyamula mchenga, ndipo pofuna kuti polumikizapo pasadzavute, ndinatenga chitsulo chamakona anayi, chochindikala kuposa mtanda weniweniwo, n'kuchiwotcherera kuzungulira konse, kuphatikizapo misoko iwiri yoimirira kumapeto kwake kuchokera kumlomo wapamwamba mpaka wapansi. Polumikiza penipenipo sipanang'aluke ngakhale pang'ono. Mng'alu unatulukira ndendende m'mphepete mwa msoko woimirira wakumbuyo, wowongoka ngati wolemba ndi rula, ndipo nditauthyola kuti ndione mkati mwake ndinapeza timizere tokhotakhota tonga ta mchenga wa m'mbali mwa madzi, tosonyeza mmene unkakulira pang'onopang'ono ulendo ndi ulendo. Chigamba changa chinali cholimba mopitirira muyeso. Gawo limene chinaphimba linasiya kupindika, ndipo kupindika konse kumene gawolo likanagawana ndi linzake kunathamangira pamzere umodzi pamene chigamba chinathera, pomwenso ndinali nditafooketsa chitsulo ndi moto.

Chitsulo cholimbitsira chabwino chimakhala cha mtundu wofanana ndi mtanda, ndipo kuchindikala kwake kumalingana ndi kwa mtandawo kapena kucheperapo pang'ono. Chimapindidwa ngati C kapena L kuti chithandize milomo, chifukwa chitsulo chafulati cha pakhoma pokha chimalimbitsa gawo limene silisenza zambiri. Chimakhala chachitali, ndipo ine sindichikhulupirira chimene sichinapitirire kuwirikiza kawiri kuya kwa mtanda mbali iliyonse ya polumikiza, ngakhale muyeso weniweni ndi wa m'buku la wopanga. Chofunika koposa ndi mapeto ake: asathere mwadzidzidzi pamzere woimirira, koma adulidwe mopendeketsa kapena ngati kamwa la nsomba, kuti kuuma kuzichepa pang'onopang'ono mpaka kulingana ndi mtanda wopanda kanthu. Mapeto amenewa asagwerenso pafupi ndi pomangira sipuling'i kapena pa chitsulo chopingasa, pakuti malo amenewo ndi ouma kale. Chimangeni ndi mabawuti kudzera pakhoma, ndipo musayendetse msoko wochimangira mopingasa mlomo pa chifukwa chilichonse. Pakani penti yoteteza dzimbiri yopyapyala mbali zonse zokhudzana musanamange, chifukwa dzimbiri lomera pakati pa zitsulo ziwiri limafufuma n'kuzikankha mpaka kuzilekanitsa.

Nthawi zina chasisi ilibe mlandu, ndipo vuto lili pa chimene chinakhazikidwa pamwamba pake. Tipa, kireni kapena thanki zimakhala pa felemu yachiwiri yogona pamwamba pa mitanda, ndipo ngati felemu imeneyi yathera mwa makona kuseri kwa kebini, nsonga yake imadinda mlomo wapamwamba ulendo uliwonse mpaka mng'alu utayamba. Kutsogolo kwa felemuyi kuyenera kusongoledwa ndi kuzunguliritsidwa pansi, ndipo zomangira zakutsogolo zimafunika zolola kusuntha pang'ono, zouma zikhale chakumbuyo, makamaka pa bodi yosapotoka monga thanki. Mabawuti a U amene amakumbatira mtanda amapinda milomo ngati mkati mwa mtanda mulibe chotchinjiriza pamalo pomangapo.

Mabawuti olekerera amadziulula okha: dzimbiri losalala longa ufa wofiira kuzungulira mutu wa bawuti, penti yosweka mozungulira, kapena bowo limene lasanduka ngati dzira. Pa chasisi pamafunika mabawuti a giredi 10.9, kapena giredi 8 pa muyeso wa ku America, okhala ndi mawashala olimbitsidwa, ndipo gawo losalala la bawuti ndi limene liyenera kukhala m'bowo, osati mazinga ake. Mangani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa muyeso wolembedwa, chifukwa mphamvu ya bawuti wotere ili m'kufinya zitsulo ziwiri kuti zisaseseleke. Riveti yolekerera siyenera kumenyedwanso kapena kuwotcherera mutu, koma kuchotsedwa n'kuikapo bawuti wokwana bwino m'bowo.

Kutseka mng'alu ndi kukonzanso polumikiza

Mukadziwa gwero, ntchito yotseka mng'alu ndi yachidule. Tsitsani katundu yense, ikani lole pamalo osalala, tchingani matayala, ndipo chirikizani chasisi ndi zoimikira zolimba mbali zonse ziwiri za mng'alu kuti usakhale wokokeka kapena wofinyika. Jeke yekha si wodalirika kwa munthu amene agwire ntchito kunsi kwa lole. Masulani mabatire ndi mapulagi a kompyuta za injini ndi za mabuleki, mangani waya wa efi wa makina owotcherera pafupi ndi powotcherera kuti magetsi asadutse m'mabering'i, ndipo phimbani kapena chotsani mapaipi a mpweya wa mabuleki, a dizilo ndi mawaya. Masipuling'i nawonso aphimbidwe, pakuti kadontho kamodzi ka chitsulo chosungunuka kakagwera patsamba la sipuling'i kangayambitse kuthyoka kwake. Boolani kabowo ka mamilimita 5 kapena 6 patsogolo pang'ono pa nsonga ya mng'alu kuti usapitirire, palani ngalande yonga V m'litali mwake monse, wotcherani m'magawo ang'onoang'ono osaunjika moto, ndipo palani kuseri n'kuwotcheranso kuti msoko ulowe m'chitsulo chonse. Ukazizira wokha, usalazeni ndi galayindala moti mikwingwirima yake iziyenda motsata utali wa mtanda, osati mopingasa. Kenaka bwerezani palafini ndi choko musanaikepo chitsulo cholimbitsira.

Ngati polumikiza ponse panachitika molakwika, kuli bwino kuyambiranso kusiyana ndi kuunjika zigamba. Ndipo musanadulenso pakati, ganizirani njira imene opanga ambiri amaikonda, yosuntha ekiselo yakumbuyo pamodzi ndi zomangira zake kupita pa mabowo atsopano, n'kuwonjezera kapena kudula chasisi kumchira, kumene sikusenza zambiri. Pamene kudula pakati sikungapeweke, sankhani malo otalikirana ndi zomangira sipuling'i, zitsulo zopingasa, ndi pamene mtanda ukusintha kuya kwake. Opanga ambiri amafuna kudula kopendeketsa, monga kwa madigiri 45, kuti msoko utalike ndiponso usagwere pamzere umodzi woimirira. Musanadule, dindani zizindikiro ndi panchi pamitanda yonse iwiri kutsogolo ndi kumbuyo kwa podulapo, ndipo mukagwirizitsa zidutswa yezani utali wa mbali iliyonse komanso mopingasa kuchokera ngodya ina kufika inzake. Miyeso iwiri yopingasayi ikasiyana, chasisi yapendama, lole idzayenda chammbali ngati nkhanu, matayala adzatha msanga, ndipo mtanda umodzi udzasenza zoposa unzake. Gawo lowonjezeralo lifunikanso chitsulo chake chopingasa, kuti mpata wa pakati pa zopingasa usakule kuposa wa ku fakitale.

Pali gwero lina la ming'alu limene anthu salifufuza chifukwa silili pa chasisi penipeni, ndilo propshaft, shafuti imene imatenga mphamvu ya injini kuchokera ku giyabokosi kupita ku ekiselo yakumbuyo. Mtunda wa pakati pa maekiselo ukasintha, utali wa shafuti umasinthanso, ndipo shafuti yotalika kwambiri imayamba kugwedezeka ikafika pa liwiro lina lake. Ikatalika imafunika kugawidwa ndi kuikidwa bering'i ya pakati, kuyezedwa pamakina kuti isalemerere mbali imodzi, ndipo majoini ake ayenera kulunjikana ndi kukhala pa ngodya zolingana kutsogolo ndi kumbuyo. Dalaivala akanena kuti lole ikunjenjemera pa liwiro limodzi lokha kuyambira pamene inatalikitsidwa, ndipo ming'alu ikuonekera pa zitsulo zopingasa kapena pomangira bering'i, yambani kufufuza pamenepo. Kusuntha ekiselo kumasinthanso gawo la katundu limene ekiselo iliyonse imasenza, kotero lole yodzaza iyenera kukwera pa sikelo kuti muone ngati ekiselo ina sinapitirire malire ake. Mchira wotalika kwambiri kuseri kwa ekiselo yakumbuyo umapepula kutsogolo ndi kukoka mlomo wapamwamba, ndipo palibe chigamba chimene chingathetse vuto limeneli kupatula kufupikitsa mchirawo kapena kuchepetsa katundu.

Sikuti mtanda uliwonse ungapulumutsidwe. Ngati mng'alu wadutsa mlomo wonse n'kulowa kwambiri m'khoma, ngati malo amodzi awotchereredwa kangapo, ngati mtanda unawongoledwapo ndi moto mpaka kufiira, kapena ngati dzimbiri ladya chitsulo mpaka kupyapyala, njira yoona ndi kusintha gawo lalikulu la mtandawo kapena wonse, ndipo mwini lole ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa ngakhale zitamuwawa, chifukwa chasisi ikathyoka pamsewu imadula mapaipi a mabuleki ndipo ovulala sakhala dalaivala yekha. M'maiko ambiri kusintha utali wa chasisi kumafuna chilolezo ndi kuyenderedwa ndi katswiri wovomerezeka, ndipo gawo limene lili ndi nambala ya chasisi siliyenera kudulidwa kapena kuphimbidwa.

Lole ikabwerera pamsewu, pemphani kuti ibwere m'galaja ikayenda maulendo ochepa oyamba ndi katundu. Pimaninso bawuti aliyense ndi torque wrench, pakuti zitsulo zatsopano zimakhazikika ndipo penti ya pakati pake imaphwanyika. Lembani kamzere ka penti yoyera kuchokera pamutu wa bawuti kufika pakhoma kuti kusuntha kulikonse kuzioneka msanga, ndipo poyendera musangoyang'ana pamsoko pokha, koma muunike ndi tochi kumapeto onse awiri a chitsulo cholimbitsira, kunja ndi mkati, pa mitanda yonse iwiri.